Mmene mungadziwire mtundu ndi zaka za njinga yakale, ndi kuidzutsa osaiwononga

M'makomo ambiri muno mu Zomba muli njinga imene inaima kalekale. Ina ili kudenga la khitchini, yadetsedwa ndi mwaye, ina yatsamira nkhokwe matayala ataphwa. Zambiri mwa izo n'za azigogo athu amene ankagwira ntchito m'boma Zomba idakali likulu, kapena amene anabwera nazo pochokera ku Joni ndi ku Harare. Mdzukulu akaganiza zoidzutsa, nthawi zambiri amaiwononga sabata yoyamba yomwe. Amaipala ndi sandipepa mpaka chitsulo kuyera, amaipopera penti wonyezimira, amataya habu (chitsulo chapakati pa gudumu) ndi chishalo n'kugula zatsopano pamsika, ndiye pamapeto pake n'kumafunsa kuti kodi njingayi ndi ya chaka chanji. Pofika pamenepo umboni wonse wapita, ndipo zimene zatayidwazo zinali zolimba kuposa zimene zagulidwa. Choncho ntchitoyi ili ndi ndondomeko yake: muyambe mwaiwerenga njingayo, kumasula kubwere pambuyo.

Zofunika kukhala nazo

- Masipanala, kuphatikizapo shifitingi yabwino yosagwedera pakamwa
- Pulayala ndi sikuludilaiva
- Nyundo, kathabwa kolimba, ndi kapaipi kachitsulo kotalika kuchokera pansi kufika pa kilanki (mkono umene pedulo imamangidwapo)
- Palafini, mswachi wakale ndi nsanza zambiri
- Gilisi, ndi oyilo wopepuka ngati wa makina osokera
- Pepala la aluminiyamu lokutira zakudya, viniga, ndi sitiliwulu wosalala
- Chingwe chopyapyala ndi rula
- Timajumbo kapena timabotolo, cholembera ndi kope
- Choko, tochi ndi foni yojambulira

Za masipanala ndinenepo pang'ono. Manati a njinga zakale za ku England sanapangidwe pa muyezo wa mamilimita, ndi a muyezo wa Whitworth. Sipanala ya 14 kapena 15 imaoneka ngati yalowa, koma imagwedera, ndipo mukakoka mwamphamvu imadya makona a nati. Ngati mulibe za muyezo umenewo, shifitingi yomangidwa bwinobwino ndi yabwino kuposa sipanala yongoyerekeza.

Kuiwerenga njinga

1. Funsani akuluakulu. Musanagwire chitsulo chilichonse, khalani pansi ndi agogo, amalume kapena azakhali amene anaiona ikuyenda. Sangakumbukire chaka, koma amakumbukira zochitika: kodi inabwera tisanalandire ufulu mu 1964? Anaigula ndi mapaundi ndi mashilingi, kapena ndi kwacha imene inayamba mu 1971? Maofesi anali atasamukira ku Lilongwe mu 1975? Funsaninso zimene zinasinthidwapo, makamaka gudumu lakumbuyo ndi foloko. Lembani zonse m'kope.

Ngati mukugula kwa munthu wachilendo, onani kaye nambala ya felemu. Ikakhala yopalidwa dala, isiyeni njingayo. Ikakhala bwino, lemberanani pamaso pa mboni.

2. Tsukani ndi madzi a sopo basi, kenako jambulani. Nsanza yofewa, osati sitiliwulu. Pansi pa mwaye ndi fumbi pamatuluka zilembo zagolide ndi timizere topyapyala ta m'mbali mwa mapaipi ndi mamadigadi. Zimenezi zimachoka msanga mukakhula. Jambulani njinga yonse mbali zonse, kenako pafupi: mmene timitengo tachitsulo ta mabuleki talumikizirana, mawashala a pa ekiselo, pamene kaliyala yamangidwa. Pomanga mudzazifuna zithunzizi.

3. Yang'anani baji yakutsogolo, mbale ya tcheni ndi foloko. Apa ndi pamene mtundu wa njinga umadziwika, ndipo ndi bwino kuzionera pamodzi zitatuzi.

Raleigh ili ndi mutu wa kakowa pa baji, ndipo mitu yomweyo inabooledwa pa mbale ya mano imene tcheni imayendapo. Pamwamba pa foloko yake pali kapaipi kopingasa, kokhala ndi timakapu tonyezimira tolowa m'kati mbali zonse ziwiri. Humber imadziwika ndi mbale yokhala ndi tianthu togwirana manja mozungulira, ndipo zambiri zili ndi foloko ya timapaipi tiwiritiwiri mbali iliyonse. Rudge ili ndi chikhatho cha dzanja. BSA ili ndi mfuti zitatu zotsamirana. Phillips ili ndi mkango pa baji, ndipo mbale zake zambiri zinabooledwa dzina lonse la PHILLIPS.

Chenjerani apa: baji imasamutsidwa. Munthu akhoza kuchotsa ya Humber pa felemu yothyoka n'kuikhoma pa njinga ina kuti mtengo ukwere. Onani timisomali toigwira. Tikakhala tatsopano, kapena pakaoneka mabowo ena osagwiritsidwa ntchito, kapena baji ikhale yomatidwa ndi guluu, musaikhulupirire. Mbale ya tcheni nayo imasinthidwa mano akatha. Zitatuzi zikagwirizana, mwapeza mtundu wake.

4. Dziwani kumene inapangidwira. Dzina la Chingelezi silitanthauza kuti njinga inachokera ku England. Hercules, Phillips ndi BSA zinapangidwanso ku Madras ndi kampani ya TI Cycles of India, ndipo Raleigh inapangidwanso ku India ndi ku South Africa. Pa baji ya Raleigh yopangidwa kwawo pamalembedwa NOTTINGHAM ENGLAND mmunsi. Fufuzaninso mawu akuti Made in England pa mapaipi ndi pa zitsulo zina.

Makampaniwa anagulananso. Raleigh inatenga Humber mu 1932, Rudge mu 1943, ndi njinga za BSA mu 1957, ndipo mu 1960 inalowa m'gulu limodzi ndi Phillips ndi Hercules. Ndiye Humber ya m'ma 1950 ndi yopangidwa ku fakitale ya Raleigh ku Nottingham, ndipo zitsulo zake n'zofanana ndi za Raleigh. Izi mudzazifuna pogula masipeyala.

Hero, Atlas ndi Avon ndi za ku India. Phoenix, Forever ndi Flying Pigeon ndi za ku China. Zinatengera kapangidwe ka njinga za ku England ndipo zakale zake ndi zoyeneranso kuzidzutsa. Kungoti muzitchule dzina lake lenileni.

5. Fufuzani chaka. Malo odalirika kwambiri ndi habu yakumbuyo ngati ili ya magiya atatu ya Sturmey-Archer. Muidziwa ndi kukula kwake komanso katcheni kakang'ono kotuluka m'kati mwa ekiselo kumanja. Pukutani thupi lake ndi palafini, pakanipo choko, pukutaninso ndi chala. Muona dzina la mtundu wake, kawirikawiri AW, ndi manambala awiri otalikirana. Oyamba ndi chaka, achiwiri ndi mwezi. Mwachitsanzo 62 ndi 7 ndiye kuti Julaye 1962. Habu yakutsogolo ya Dynohub, ija yopanga magetsi a nyali, imalembedwanso chimodzimodzi. Njinga imakhala ya chaka chomwecho kapena chotsatira, bola gudumulo likhale lake lenileni. Magudumu a njinga za ku England za nthawi imeneyo amakhala ndi masipoko 32 kutsogolo ndi 40 kumbuyo, ndiye mukapeza 36 kayikirani kuti linasinthidwa.

Njinga zambiri za kuno zilibe magiya, ndiye pitani pa nambala ya felemu. Ifuneni pamwamba pa paipi imene chishalo chimalowamo, kumbuyo kwa paipi yomweyo, pansi pa felemu pamene pamazungulira makilanki, kapena pamene ekiselo yakumbuyo imakhala. Walitsani tochi cham'mbali kuti manambala aoneke. Musapale ndi mpeni. Kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1970, Raleigh inkalemba zilembo ziwiri ndi manambala asanu ndi awiri. Chilembo choyamba ndi fakitale, N kuimira Nottingham ndipo W kuimira Worksop. Chachiwiri ndi nthawi ya m'chaka. Nambala yoyamba ndi nambala yomaliza ya chaka, kotero 6 akhoza kukhala 1976 kapena 1986, ndipo maonekedwe a njinga ndiwo akuuzeni. Nambala yaifupi yokhala ndi chilembo chimodzi kapena ziwiri imasonyeza njinga yakale kuposa pamenepa.

Pa njinga za kaunjika zokhala ndi zitsulo za Shimano, kumbuyo kwa kilanki kapena kwa chosinthira magiya kumakhala zilembo ziwiri zazing'ono. Choyamba ndi chaka, A kuyambira 1976, B 1977, mpaka kubwereranso pa A mu 2002. Chachiwiri ndi mwezi, A kuimira Januwale.

6. Phatikizani umboni. Zaka za njinga zili ngati mlandu wa kwa amfumu, mboni imodzi siikwana. Ikani pamodzi mawu a akuluakulu, baji, habu ndi nambala. Zikatsutsana, felemu ndiyo njinga, zina zonse zimatha kusinthidwa. Ngati simungathe kutchula chaka chenicheni, kunena kuti ndi ya pakati pa 1955 ndi 1965 n'kokwanira ndipo n'koona.

Kodi felemu ili bwino?

7. Fufuzani ming'alu ndi kupindika. Njinga zathu zinasenza. Zina zinatsika ndi nkhuni kuchokera kuphiri, zina zinanyamula madengu a matemba kuchokera ku Kachulu, ndipo madzi a nsomba za ku Chilwa amadya chitsulo kuzungulira kaliyala ndi madigadi yakumbuyo. Pitirizani chala pansi pa mapaipi awiri, pafupi ndi khosi la njinga, paipi yaifupi yakutsogolo imene foloko imadutsamo. Mukamva kotupa kapena kuona penti atachita makwinya, njingayo inagunda chinthu kutsogolo. Imani pambali muone foloko: mbali yake yakumwamba iyenera kutsata mzere wa khosi, osabwerera m'mbuyo.

Kenako mangani chingwe pamene pamakhala ekiselo yakumbuyo kumanzere, chizungulire khosi, chibwerere kumanja. Yezani ndi rula mpata wa pakati pa chingwe ndi paipi ya chishalo mbali zonse ziwiri. Ukasiyana ndi mamilimita oposa atatu kapena anayi, felemu yapotoka, koma mmisiri wodziwa amaiwongola osaitentha.

Mng'alu musaupititse kwa owotcherera mageti ndi mawindo. Mafelemu amenewa analumikizidwa ndi mkuwa ndipo mapaipi ake ndi opyapyala, makina amagetsi amangoboola. Funani wowotcherera ndi gasi ndi mkuwa.

Kumasula

8. Dontheza oyilo, dikira. Pa nati iliyonse, pa paipi ya chishalo ndi pa khosi la handulo, ikanipo oyilo wosakaniza ndi palafini, mubwereze kwa masiku angapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chilichonse chimene mwachotsa chilowe m'kajumbo kake, kolembedwa kuti chachokera pati ndi mbali iti.

9. Dziwani zomasukira kumanja. Pedulo yakumanzere imamasuka mozungulira ngati mmene wotchi imayendera. Chimodzimodzi kapu yakumanja ya pa ekiselo ya makilanki, ija yosunga mabelingi m'felemu. Kapu imeneyo ngati siinawonongeke isiyeni pomwepo, muitsukire m'kati.

10. Handulo. Masulani kaye timitengo ta mabuleki. Bawuti yapamwamba pa handulo imasuleni maulendo atatu kapena anayi okha, ikanipo kathabwa, menyani kamodzi kuti itsike. Handulo imasuka. Potsitsa foloko yalani nsalu pansi, chifukwa timipira tachitsulo ta mabelingi timamwazika.

11. Makotapini. Kotapini ndi kamsomali ka nati kogwira kilanki pa ekiselo yake, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amalephera. Masulani nati mpaka ifanane ndi nsonga ya kotapini, osaichotsa. Imikani kapaipi kaja pansi pa simenti, mutu wa kotapini ulowe m'bowo lake, kilanki ikhale pa paipi. Menyani pa nati kamodzi mwamphamvu. Kugogoda pang'onopang'ono kumangophwanya nsonga, ndipo kumenya popanda paipi kumatumiza mphamvu yonse ku mabelingi ndi makapu. Ikatsika chotsani nati muitulutse.

Dzimbiri ndi penti

12. Zitsulo zonyezimira. Handulo, malimu, makilanki ndi belu zikhuleni ndi pepala la aluminiyamu lonyowetsedwa m'madzi. Mudzadabwa kuona kuti dzimbiri lambiri linali pamwamba chabe. Tizitsulo ting'onoting'ono tigone mu viniga usiku umodzi, mawa mutitsuke ndi madzi, muumitse padzuwa, mupake oyilo nthawi yomweyo. Sandipepa asafike pa chonyezimira chilichonse.

13. Penti. Maganizo anga ndi akuti ngati penti wakale watsala ngakhale theka, musapente. Penti wakuda wa njinga zimenezi anawotchedwa mu uvuni ku fakitale, ndipo wopopera wa m'chitini sangafanane naye. Tsukani, pakani polishi wa galimoto mozemba zilembo, ndipo pamene pali dzimbiri khulani malo okhawo ndi sitiliwulu ndi oyilo, pukutani ndi palafini, dontheza penti wakuda ndi kaburashi kakang'ono. Kunsi kwa mamadigadi kokha ndiko mupake mokwanira, poti mvula ya kuno kuyambira Novembala mpaka Epulo siichitira chifundo chitsulo.

Ngati wina anapenta kale ndi burashi, yesani kuchotsa wapamwambayo pang'ono pamalo obisika. Nthawi zina wakale amakhala ali bwinobwino pansi.

Kumanga

14. Mabelingi. Tsukani makoni ndi makapu, zitsulo zimene timipira timayendapo, m'palafini, muwayang'ane padzuwa. Kanjira kosalala konyezimira ndi kabwino. Timaenje ndiye kuti chitsulo chatha. Timipira tokha gulani tatsopano, ndi totchipa, ndipo musasakanize takale ndi tatsopano. Pa ekiselo ya makilanki pamalowa ta 1/4 inchi, 11 mbali iliyonse. Habu yakutsogolo imafuna ta 3/16, yakumbuyo yopanda magiya ta 1/4, ndipo khosi la Raleigh ta 5/32, 25 pamwamba ndi 25 pansi. Tengani kakale popita kumsika mukayerekeze. Mangani mpaka kugwedera kuthe koma kuzungulira kukhale kofewa.

Mahabu ambiri akutsogolo a Raleigh ali ndi koni imodzi yosasuntha, ina yosinthika yopanda nati yoitsekera. Yosasunthayo ikhale kumanja, mbali ya tcheni. Mukatembenuza gudumu, koni imadzimanga yokha mukuyenda mpaka kuphwanya mabelingi.

15. Musakakamize kapu yatsopano. Mazinga, timizere tija tozungulira pa bawuti, ndi osiyana pa njinga za ku Nottingham. Pa makapu a makilanki ndi pa khosi Raleigh inkadula mizere 26 pa inchi, pamene ena ambiri amadula 24. Kapu ya pamsika imalowa maulendo awiri kapena atatu, kenako imalimba. Mukaikakamiza ndi sipanala yaitali mwawononga felemu. N'chifukwa chake makapu akale a Raleigh, Humber ndi Rudge ndi osataya. Akatheratu, funsani amisiri achikulire okonza njinga mumsika waukulu wa Zomba, ku Chinamwali kapena pa Songani. Ambiri amasunga zitsulo za njinga zakufa m'zitini, ndipo mukapita ndi chakalecho m'manja amachizindikira msanga.

16. Makotapini atsopano. Njinga za ku England zimafuna a mamilimita 9.5. Gulani awiri ofanana. Imodzi iloze uku, inayo iloze kwina, apo ayi makilanki sakhala pa mzere umodzi. Ilowetseni ndi nyundo kilanki itakhala pa paipi, kenako mangani nati pang'ono. Nati si yokokera kotapini, mukaikoka nayo imaduka. Mukayenda masiku ochepa menyaninso ndi kumanganso.

17. Magudumu ndi matayala. Werengani manambala a pa tayala lakale. Njinga zazikulu za mabuleki a timitengo zimavala 28 x 1 1/2, lolembedwanso 635. Pali matayala ena olembedwanso 28 koma nambala yake ndi 622, amenewo ndi a njinga za kaunjika ndipo salowa. Zocheperako zimavala 26 x 1 3/8, nambala 590, osati 26 wa njinga za m'mapiri amene ndi 559. Malimu akale akakhala kuti sanabooke ndi dzimbiri m'kati, asungeni, mungosintha masipoko oduka. Kuwongola gudumu kusiyireni mmisiri, ndipo mumuuze kuti likhale lozungulira ndithu, losadumpha, chifukwa mabuleki a timitengo amagwira kunsi kwa limu.

18. Mabuleki. Ikani mphira zatsopano. Kachitsulo kogwira mphira kali ndi mbali yotseka ndi yotsegula, ndipo yotsekayo iloze kumene limu imalowera njinga ikamapita kutsogolo, kuti gudumu lisasolole mphirayo. Dontheza oyilo pa mfundo iliyonse ya timitengo, koma asafike pa limu.

19. Habu ya magiya. Ngati ikuzungulira musaitsegule. Ili ndi kabowo kokhala ndi chotsekera, thiranimo oyilo wopepuka wokwana supuni yaing'ono, osati gilisi. Posintha waya ikani pa giya yachiwiri, suzumirani pa kabowo ka nati yakumanja, sinthani mpaka phewa la kachitsulo kokoka lifanane ndi nsonga ya ekiselo. Mukaphonya, pakati pa giya yachiwiri ndi yachitatu pamakhala malo pamene mapedulo amangozungulira opanda kanthu, ndipo munthu amagwa akaimirira pokwera mtunda.

20. Chishalo chachikopa. Ngati n'cha Brooks, dzina limakhala pa kachitsulo kumbuyo ndi m'mbali mwa chikopa. Pakani polishi wa nsapato wopanda mtundu kapena mafuta a zikopa pang'ono, kunsi ndi pamwamba. Nati ya kunsi kwa mphuno yake ikokeni theka la ulendo basi. Chikopa chouma chikakokedwa kwambiri chimang'ambika pa misomali.

21. Kuyesa. Yambani pamalo athyathyathya ngati cha ku Matawale, pang'onopang'ono, kenako mubwerere mukaone manati onse. Msewu wa Ku Chawe si woyeserapo. Malimu achitsulo akanyowa mabuleki amachedwa kwambiri kugwira, ngakhale njinga itakonzedwa bwino chotani.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kutaya zitsulo zakale chifukwa zada. Ngakhale chimene mwachisintha chisungeni m'katoni: pampu, belu, loko, nyali, mapedulo, ngakhale manati. Manati ena a Raleigh ali ndi chilembo R, ndipo ndi ovuta kuwapeza.

Kuthira oyilo wakuda wochoka mu injini pa tcheni ndi pa chishalo. Pa tcheni amakoka mchenga, chikopa amachifewetsa mpaka chimatambasuka osabwereranso.

Kukhulupirira chaka cha pa habu osafunsa ngati gudumulo ndi lake.

Kuwotcherera zitsulo za nyumba pa foloko ndi pa kaliyala kuti njinga izisenza matumba. Ngati mukufuna ya kabaza kapena yonyamulira makala, gulani ina yopangidwira ntchitoyo.

Kumusiyira mmisiri njinga osamuuza chimene mukufuna. Iye anazolowera makasitomala ofuna kuti njinga iyende lero lomwe, ndiye amachotsa chakale n'kuika chatsopano mokhulupirika ndithu. Muuzeni poyamba pomwe kuti, "Bambo, chilichonse chimene muchotse mundisungire, ndipo musasinthe kanthu tisanakambirane." Ngati n'kotheka khalani pomwepo pamene akugwira ntchito.

Kuisunga pakhonde pofika mpemera wa mvula, kapena m'chipinda mmene muli matumba a feteleza. Feteleza amadyetsa chitsulo dzimbiri msanga kuposa mvula. Ikhale m'nyumba mouma, matayala ali ndi mpweya, ndipo ngati ikhala miyezi osayenda ikolekeni kuti matayala asakhudze pansi.